Alembi a nkhani zoopsa, kutukwanaku kwanyanya!

Masiku apitawa mnyamata wina anandipatsa nkhani imene walemba kuti ndimuonereko, ati ndi ya Gothic yamakono, mtundu wa nkhani zoopsa za mizukwa ndi zinsinsi. Chinyumba chakale chinalimo, mzukwa unalimo, mayi wamasiye wobisa chinsinsi analimonso. Koma tsamba loyamba lomwelo, mawu otukwana mbwee! Ndinalephera kufika kumapeto.

Musandiyese wodana ndi mabuku amenewa. Ndimawakonda kwabasi, ndipo ena amandigoneka nyali ili chiyakire. N'chifukwa chake zikundiwawa. Munamva kwa yani kuti nkhani imaopsa anthu ake akamatukwana? Chitseko chikatseguka chokha pakati pa usiku, munthu amauma pakamwa, mawu osatuluka. Inu mwamupatsa mzere wathunthu wa zolaula! Mwana akutukwana amake. Wansembe akutukwana. Agogo akutsirizika, nawonso akutukwana. Mpaka mzukwa, umene unagona m'manda zaka mazana, wadzukira kudzalaula? Tiziopa kapena tiziseka?

Nkhani zamtunduwu sizinayambe ndi inu. Horace Walpole anatulutsa The Castle of Otranto mu 1764, Mary Shelley anabwera ndi Frankenstein mu 1818, Bram Stoker ndi Dracula mu 1897, ndipo anthu akuwerengabe. Tengani The Haunting of Hill House ya Shirley Jackson, ya mu 1959. Chimene chimakuimitsa tsitsi m'menemo ndi kugogoda kwa pazitseko usiku, kuzizira kosadziwika bwino pakhomo la chipinda cha ana, ndi zilembo zopezeka pakhoma zoitana Eleanor, mwininkhani wa m'bukumo. Kulemba zotere kumafuna thukuta, ndipo thukutalo ndi limene mukulithawa.

Mudzati anthu amayankhula choncho. Ndikudziwa, makutu ndili nawo. Liwu limodzi lonyansa, lotuluka pakamwa pa munthu amene wathedwa nzeru, limabaya ndithu, ndipo sindingalichotse. Koma mukaliika ndime iliyonse limasanduka phokoso chabe.

Nanga inu ogawana mabukuwa pa WhatsApp osayang'ana kuti m'gulumo muli ana, mutu wanu ukuyenda? Mwana amatola liwu msanga kuposa nkhani. Dzina la wolemba adzaiwala, chitukwanocho ayi, ndipo woyamba kumuyeserapo ndinu nomwe makolo ake. Pamenepo mudzadabwanso kuti wazitenga kuti?

Bwererani ku zolemba zanuzo, fafanizani zonyansazo, muone ngati patsala choopsa chilichonse. Manyazi mulibe kodi?