Penti sabisa khoma loipa, amachita kuliulula

Amisiri a kuno ku Mangochi mundikhululukire, koma lero ndinene maganizo anga. Khoma likatuluka lokhakhala, la mabampu, musamatiuze kuti penti adzakonza. Sakonza. Ndipo eni nyumbafe tisaloze chala amisiri okha, theka la mlanduwu ndi lathu.

Chaka chatha achimwene anga a ku Joni ananditumizira ndalama kuti ndiziwayang'anira nyumba yawo cha kwa Mpondasi. Anati akubwera mu Disembala ndipo akufuna adzaipeze ikuwala. Pulasitala tinapaka mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ngakhale mphepo yochokera mu Shire ikubwera yotentha. Simenti itayamba kuchepa, amene anauza mmisiri kuti aitambasule ndine. Iye anati, "Bwana, thumba limodzi limafuna mawilibala atatu a mchenga." Ine ndinati asanu palibe vuto. Patangotha sabata ndinagula penti wamafuta, wonyezimira uja, ndikuyamba ndi chipinda chogona.

Madzulo titayatsa babu ndinagwira pakamwa. Khoma linkaoneka ngati nyanja tsiku la mwera, mafunde okhaokha. Paliponse pamene dzanja la mmisiri linatsetsereka, penti uja anachita kupaonetsa poyera. Wonyezimira ndiye kazitape weniweni.

Zipinda zotsalazo ndinayamba ndaima kaye, ndipo bambo wina wachikulire amene wakhala akumanga malo ogona alendo cha ku Makawa anandionetsa zinthu zimene sizifuna ndalama. Usiku, gunditsani foni pakhoma tochi ili yoyatsa kuti kuwala kuyende chammbali. Bampu aliyense amaponya mthunzi wake, inu nkumalemba ndi pensulo. Kenako tengani kiyi muzigogoda. Pamene pagwira pamalira mouma, pamene pulasitala walekana ndi njerwa pamalira ngati ng'oma. Pomaliza pukutani khoma ndi chikhatho. Mchenga ukamayoyoka, ndiye kuti simenti inachepa kapena khoma linauma msanga lisanalimbe. Kwathu kunali zonse ziwiri.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Pulasitala amafunika kumuwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo kutentha kwa kuno ukadumphitsa tsiku limodzi lokha timing'alu tangati ukonde tayamba kale. Chodabwitsa nchakuti tili pakati pa nyanja ziwiri, Malawi ndi Malombe, simenti ikupangidwa konkuno ku Njereza, koma timaumira khoma madzi ngati tili m'chipululu. Mnyamata wotunga madzi timamuona ngati wotidyera ndalama.

Mchenga nawo tisamangotola. Wa m'mbali mwa nyanja umabwera ndi tizigoba ta nkhono, uyenera kusefedwa. Wa m'madambo umakhala ndi dothi. Thirani pang'ono m'botolo la madzi, khutchumulani, lisiyeni. Dothi limadzakhala pamwamba pa mchenga, ndipo likachuluka dziwani kuti khoma lidzang'ambika.

Kukonza kwake kunatitengera masabata awiri. Malo olira ngati ng'oma aja tinagumula mpaka kufika pa njerwa, tinanyowetsa, nkupakanso. Kumata pamwamba pa chinthu chomwe chalekana kale ndi khoma nkutaya simenti. Mabampu tinawakhula ndi chidutswa cha njerwa yootcha, kenako sandipepa. Ming'alu tinayamba taikulitsa pang'ono ndi nsonga ya chitsulo kuti phala lomatira lilowe mkati, chifukwa ukangopaka pamwamba umabweranso mwezi usanathe. Titatero tinasikima khoma lonse, kutanthauza kulipaka phala losalalitsa mopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu basi, tikuyeza ndi thabwa lowongoka. Fumbi lake musafunse, ndinatuluka mbuu ngati ndachokera kuchigayo. Mangani kansalu kukamwa ndi mphuno.

Mng'alu waukulu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, umenewo ndi nkhani ya maziko, itanani wodziwa. Chimodzimodzi ufa woyera wonga mchere umene umatuluka m'munsi mwa khoma. Ndi chinyezi chikukwera kuchokera pansi, ndipo mukapaka penti musanathane nacho adzatupa nkuyamba kusupuka.

Ndiye pali kudikira, kumene achimwene sankafuna kumva pa WhatsApp. Pulasitala watsopano amafuna masabata anayi, masiku 28, asanalandire penti. Ukafulumira, ukali wa simenti ndi chinyezi chotsalira mkati zimadya pentiyo, mtundu umafwifwa, mwina nkumatuka. Nthawiyo ikakwana mumapukuta fumbi, nkuyamba ndi primer wa pulasitala, penti woyambira amene amapakidwa pansi pa penti weniweni. Ambiri amamudumpha ati ndi wodula, koma khoma losapakidwa primer limamwa penti ngati mchenga wa ku gombe, zidebe nkumangotha. Ndipo ngati mukudziwa kuti khoma lanu silinawongoke kwenikweni, gulani penti wamadzi wosanyezimira. Amakhululuka zambiri.

Amisiri, chimene ndikukupemphani nchimodzi: mwini nyumba akamakukakamizani kutambasula simenti, kanani molimba. Wanga uja anangoti "chabwino bwana" nkupitiriza, ndipo mpaka lero ndimamudandaula pang'ono, ngakhale wolakwa wamkulu ndikumudziwa.

Achimwene anafika pa 20 Disembala nkupeza pabalaza pali primer yekha, poyera ngati m'chipatala. Anakwiya masiku awiri. Lachitatu ndinawatengera kuchipinda chogona chija usiku, ndinazimitsa babu nkugunditsa tochi pakhoma. Anayang'ana kanthawi, kenako anafunsa ngati kabati yaikulu ija ingakwane mbali imeneyo. Inakwana, ndipo ikadali pomwepo.