Nambala ilibe ziwanda, anthuni

M'mawa uno ndadzuka ndi uthenga pa gulu lathu la banja pa WhatsApp. Azakhali atumiza nambala iyi: 1000000000000066600000000000001. Pansi pake alemba kuti ndi nambala ya Satana, amene waiona apemphere ndi kuitumiza kwa anthu khumi dzuwa lisanalowe. Ndapsa mtima, sindikubisirani.

Iyi ndi nambala basi. Ilibe nyanga, ilibe mchira. A masamu amaikonda pa zifukwa ziwiri. Ndi prime, kutanthauza kuti palibe nambala ina imene ingaigawe osatsala kanthu kupatula 1 ndi iyo yomwe. Komanso mukaiwerenga kuchokera kumanzere kapena kumanja imatuluka chimodzimodzi, ngati 101, 131 kapena 929. Nkhani yonse ndi imeneyi.

"Nanga 666 ali pakatiyo? Nanga maziro 13 mbali iyi ndi 13 mbali inayo?" Azakhali, chotsani maziro onsewo, mutsala ndi 16661, nayonso ndi prime yowerengeka mbali zonse. Ikani maziro 42 mbali iliyonse, mupezanso prime. Kodi 42 nayenso ndi chiwanda? Munthu anachita kukhala pansi, kuika 666 pakati dala, n'kumawonjezera maziro kuti aone pamene pangatuluke prime. Anaipeza ndi Harvey Dubner wa ku America, ndipo dzina loti Belphegor, lomwe ndi la chiwanda, anaipatsa ndi Clifford Pickover, wolemba mabuku a masamu. Dzinalo ndi la anthu, nambalayo sidziwa n'komwe kuti ili ndi dzina.

Ndipo 666 ameneyu akuoneka chifukwa timawerenga m'makumi, monga zala zathu zilili. Ilembeni m'mawerengedwe a kompyuta, a 0 ndi 1 okhaokha, 666 simumuona. Chiwanda chanji chothawa chifukwa chongosintha kalembedwe?

Chokoma chenicheni palibe amene watumiza. Nambala iliyonse yowerengeka mbali zonse imene chiwerengero cha madijiti ake ndi 4, 6, 8 kapena china chogawika pawiri imagawika ndi 11. Yesani 1221, ndi 11 kuchulukitsa ndi 111. Choncho 11 ndi yekhayo prime wa mtundu umenewu wokhala ndi chiwerengero cha madijiti chogawika pawiri, ndipo ya azakhaliyi ili ndi madijiti 31. Mu 2021 Ryan Propper ndi Serge Batalov anapeza prime ina yowerengeka mbali zonse ya madijiti 1,888,529. Izi ndiye zodabwitsa, osati zakumidima.

Safunsa anadya phula. Mantha ndi ulesi wofunsa, basi.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti pa gulu lomweli pali ana a Fomu 2 amene akuvutika ndi masamu. Mwana wafunsa funso la homuweki sabata yatha, palibe wayankha, ngakhale mmodzi. Koma ya Satanayi, pofika 7 koloko anthu 9 anali atalemba kale "Ameni". Bandulo yanga ikuthera zimenezi.