Chenjezo kwa inu amene mukusiya minda ndi makolo n'kuthamangira kutauni

Ana anga, ndilankhula nanu mosapsatira mawu, chifukwa ndaona ndi maso angawa zimene kuchoka kwanu kosalongosoka kwasiya m'mbuyo. Mwezi wathawu kumudzi kwathu ku Ntcheu kunagwa zovuta, ndipo kutacha nyakwawa inasowa anyamata oti akakumbe manda, moti amene ananyamula makasu ndi mapiki anali amuna anayi a imvi pamodzi ndi ana awiri a ku pulayimale amene tinachita kuwajombetsa kusukulu. Nthaka inali youma gwaa, ndipo mwambo unachedwa mpaka dzuwa kupendeka, anamfedwa ali chikhalire pamphasa. Amene anayenera kugwira ntchito ya adzukulu tsiku limenelo anali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, ndipo chipepeso chawo chinafika pa foni, ngati kuti foniyo ingathe kugwira khasu.

Musaganize kuti ndikudana ndi ulendo. Agogo anu anayenda kuposa inu: anakwera ndege za Wenela kupita ku migodi ya ku South Africa, ena anatsikira ku Halale, ena ku migodi ya kopa ya ku Zambia, ndipo ife a zaka zambiri timakumbukira chaka cha 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu ntchito za ku migodiko. Koma amuna amenewo ankachoka atatsanzikana ndi amalume awo, munda atausiya m'manja mwa munthu wodziwika, ndipo nthawi yawo ikatha ankabwera ndi njinga, mabulangete, makina osokera ndi ndalama za malata. Amene sanabwerere tinkawatcha matchona, ndipo dzina limeneli linali lochititsa manyazi banja lonse. Inu lero mukuchoka mbandakucha osatsanzika, chikwama cha pulasitiki kukhwapa, m'mwezi wa Okutobala pamene anzanu akugalauza, ndipo utchona mwauyesa chitukuko.

Ena ophunzira amanditsutsa kuti midzi sinathe anthu, pakuti kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, anthu 84 pa 100 aliwonse amakhala kumidzi. Chiwerengerocho sindikuchikana, koma ndikupempha kuti amene akuchitchula abwere adzawerenge manja, osati mitu. Pakhomo loyandikana ndi langa pali anthu asanu ndi awiri: agogo aakazi amene msana unawerama kale, ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi za ana awo atatu, wamkulu wa zaka 13. Pa kalembera limeneli ndi banja lalikulu, koma kumunda ndi khasu limodzi lofooka. Amalima kachigawo kakufupi ndi njira, kwinako n'kusiyira nansongole, ndipo kupalira kukachedwa ndi masabata awiri chimanga chimachita chikasu ngakhale feteleza atakhalapo. Nkhokwe imatha Ogasiti asanathe. Mtsikana wamkuluyo ndiye wakutunga madzi kumjigo, wakuchigayo, wakulera ana, ndipo sukulu akupitako mwa apo ndi apo. Mukadzamva kuti wakwatiwa asanakhwime mudzakalipira agogowo, pamene inu ndi amene munamusandutsa mayi wa pakhomo.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi kugulitsa malo. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu ananyengerera amalume ake kuti agulitse dimba la mbumba, lija la m'mbali mwa mtsinje limene linkatulutsa tomato, kabichi ndi chimanga chachiwisi m'chilimwe, kuti agule njinga yamoto akachite kabaza ku Lilongwe. Ankayendetsa wopanda laisensi, wopanda chipewa, wopanda inshuwalansi. Miyezi isanu isanathe akuba anam'tchingira usiku, anam'menya n'kutenga njingayo, ndipo lero akusenza katundu wa anthu mumsika, kubwerera akuchita manyazi. Dimba lija mwini wake watsopano, munthu wa kutauni komweko, analitchinga ndi waya, ndipo amayi a mnyamatayo amapita kukapempha ganyu wothirira pa nthaka imene anabadwirapo. Kuno kwathu malo ndi a mbumba, ndipo amalume ndi wosunga chabe, si mwini wake. Lamulo la malo a makolo limene linakhazikitsidwa mu 2016 linatsegula njira yoti mabanja alembetse malo awo, koma inu m'malo mofunsa za kulembetsa mukufunsa za mtengo. Njinga imatha m'zaka zochepa, pamene dimba lija linadyetsa mibadwo inayi.

Nanga kumene mukuthamangirako mukupezako chiyani? Ndinakhalako kutauni pa ntchito zaka zambiri, ndiye musandinamize ndi zithunzi za pa Facebook zojambulidwa mutatsamira galimoto ya eni ake. Ntchito zolembedwa ndi zochepa, ndipo amene ali ndi masatifiketi akuyenda nawo m'maenvulopu mpaka kuthetheka. Wobwera wopanda luso lililonse amathera ku Mgona, ku Mtandire, ku Mbayani kapena ku Ndirande, m'kachipinda ka lendi kogona anthu asanu, chimbudzi chimodzi cha mabanja khumi. Kumeneko madzi ndi ogula pa ndowa, moto ndi wogula, ndiwo zimene kwathu timangothyola kuseri kwa nyumba ndi zogula, ufa ndi wa m'timapepala tija mumati walkman, tokwana nsima ya usiku umodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa kumudzi wokhala ndi nkhokwe anadandaula za sopo ndi feteleza, koma wa ganyu wa m'tauni anagona ndi njala. Pamenepo ndiye mumalowa katapila, ndipo foni yopita kwa amayi anu imasanduka yopempha thumba la chimanga, kuchokera m'munda womwe uja munakana kulima.

Palinso za moyo weniweniwo. Chifukwa malo abwino m'mizinda ali ndi eni ake, obwera kumene amamanga kapena kuchita lendi m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo mabanja athunthu anatha usiku umodzi. Sindikunyoza malemuwo, pakuti ambiri anakhala kumeneko chifukwa chosowa pogwira. Ndikudzudzula inu amene mwaona zonsezi koma mukupitabe kukaika ana anu pansi pa phiri lometedwa mitengo. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anavuta kwambiri m'malo othithikana opanda madzi abwino, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Ndipo inu a ku Joni, mwaiwala mabasi amene boma linatumiza mu 2015 kukatenga abale athu amene ankathamangitsidwa ku Durban? Anabwera chimanjamanja, ndipo chimene chinawalandira ndi munda wa makolo. Amene anali atagulitsa anafikira pakhonde la achibale.

Makolo anzanga, nanunso muli ndi mlandu. Mumapereka mwana wamkazi wa Sitandade 6 kwa mlendo amene walonjeza kuti akam'phunzitsa akamagwira ntchito za m'nyumba, osadziwa ngakhale dera limene akukakhala, malinga mwalandira kandalama ka sopo. Mumanyadira pachitsime kuti mwana wanu ali kutauni, n'kumanyoza mnyamata amene watsala akulima mbatata ya kachewere, pamene iyeyo ndi amene amakunyamulani pa njinga kupita kuchipatala mukadwala usiku. Ochepa otsalawo ena mwa iwo asanduka ootcha makala odyetsa mbaula za m'tauni, ndipo mapiri athu ayera, mitsinje ikuphwa msanga.

Ndikudziwa kuti minda yachepa, feteleza wakwera mtengo, ndipo mavenda a masikelo obera amatigula motchipa nthawi yokolola. Sindinganene kuti aliyense akhale kumudzi. Koma wofuna kupita ayambe waphunzira luso la manja, kaya ukalipentala, umakaniko kapena kusoka, adziwe kumene akukafikira, akhale pansi ndi amalume ake ndi nyakwawa za munda, ndipo ana asawataye kwa agogo ngati katundu wosungitsa. Ndalama yothandiza kumudzi ndi ya mu Okutobala, yogulira mbewu ndi kulipira waganyu, osati ya pa Khirisimasi yogulira zakumwa kuti mudzionetsere masiku atatu. Chizimalupsa chagwa kale kuno, ndipo m'munda wa agogo oyandikana nane aja mizere ikadali ya chaka chatha, mapesi ali chiimire.