Misewu ili ndi thumba lake, nanga nyumba za ku Chikanda?

Anzanga a ku Zomba, mvula ikamayandikira tonse timadandaula za maenje a mumsewu. Ine lero ndikufuna tikambe za komwe ndalama za mzinda wathu zimachokera, chifukwa pamenepo ndi pomwe pagona nkhani ya nyumba zomwe zimagwa mvula ikachuluka ku Chikanda, ku Sadzi kapena ku Chinamwali.

Mzinda wathu ndi waung'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000. Ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha ndi za msonkho wa nyumba ndi malo, uja timati city rates, ziphaso za mabizinesi, matikiti a mumsika ndi zina zing'onozing'ono. Zotsalazo imadikira ku boma kudzera ku National Local Government Finance Committee, bungwe logawa ndalama ku makhonsolo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inati makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera, koma kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akulira kuti zomwe zimafika sizikwana pamenepo.

Vuto la Zomba ndi lapaderanso. Tinali likulu la dziko mpaka 1975, ndiye malo aakulu ndi nyumba zikuluzikulu zambiri ndi za boma: State House, Cobbe Barracks, ndende, chipatala chachikulu, yunivesite. Boma likachedwa kupereka gawo lake la msonkho, mtolo wonse umagwera wa golosale ndi mayi wogulitsa matimati mumsika, amene tikiti yake sangaizembe ngakhale tsiku limodzi. Izi zimandiwawa kwambiri.

Misewu payokha ili ndi mwayi. Aliyense akathira petulo kapena dizilo, kaya ndi wa minibasi kaya wa kabaza ya njinga yamoto, pa lita iliyonse pamadulidwa kangachepe kopita ku Roads Fund Administration, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Mu 2021 anatsegulanso geti yolipiritsa ya pa Chingeni, kenaka ya pa Kalinyeke. Msewu wa M3 wodutsa pakati pa tauni uli m'manja mwa Roads Authority, bungwe loyang'anira misewu ya dziko, ndipo ina ya m'kati mwa mzinda yakhala ikuthiridwa phula ndi ndalama za thumba la Roads Fund Administration lija. Zichepe, zichedwe, komabe gwero lake likudziwika.

Nanga nyumba? Palibe lita ya mafuta yomwe imadulidwa kuti ithandize munthu amene chipupa chake cha zidina chanyowa mpaka pawindo. Malawi Housing Corporation (MHC), kampani ya boma ya nyumba yomwe ilipo kuyambira 1964, imachititsa lendi kwa anthu olandira malipiro a pamwezi, ndipo nyumba zake n'zochepa poyerekeza ndi ozifuna. Pulogalamu ya malata ndi simenti yomwe boma linayambitsa mu 2014 inkasankha mabanja 80 m'dera la phungu aliyense, theka thandizo theka ngongole. Mabanja 80 m'dera la anthu masauzande! Ndipo boma litasintha mu 2020, nayonso inazilala. Chotsala ndi matenti, mapepala a pulasitiki ndi matumba a ufa zomwe zimabwera nyumba itagwa kale, monga tinaonera mu Malichi 2023 namondwe Freddy atasiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala m'chigawo chakummwera.

Maganizo anga ndi akuti khonsolo yaing'ono ngati yathu sidzakwanitsa kumangira anthu nyumba, ndipo tisamanamizane pa nthawi ya kampeni. Koma ingathe kuteteza nyumba zomwe anthu anamanga kale ndi thukuta lawo, pogwiritsa ntchito ndalama za misewu zomwezi. Zomba ili m'tsinde mwa phiri. Madzi amatsika ndi liwiro kufunafuna Likangala ndi Mulunguzi, ndipo msewu wa phula ukamangidwa kumtunda ngalande zake n'kuthera panjira, madzi onsewo amakathera pakhomo pa munthu wosauka kumunsi. Nyumba ya zidina nthawi zambiri siyamba kugwa kudenga ayi, imadyeka kuphazi madzi akaima usiku wonse. Ndiye ngalande yomangidwa bwino mpaka kumtsinje, kalavati yaikulu mokwanira, kamsewu ka miyala koti ambulansi ndi galimoto ya zinyalala zilowe, limenelo ndi thandizo la nyumba lenileni, loposa malata makumi atatu opatsidwa kwa banja limodzi.

Chinanso ndi maploti. Madera a nyumba za anthu wamba, aja ankatchedwa Traditional Housing Areas, anachoka m'manja mwa MHC n'kupita ku makhonsolo a mizinda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Khonsolo ikamapima malo otetezeka, n'kulambula msewu, n'kuwagulitsa pamtengo woti mlonda kapena mphunzitsi alipire pang'onopang'ono, anthu asiya kumanga m'mphepete mwa mtsinje ndi m'matsitso. Munthu samanga pangozi mwadala, amamanga pomwe wapeza. Komanso ploti yolembedwa m'kaundula imalipira city rates, kutanthauza kuti thumba la khonsolo likukula.

Ena anena kuti anthu a m'madera amenewa sapereka msonkho wa nyumba, ndiye asayembekezere zambiri. Sindikuvomereza. Amakwera kabaza ndi minibasi tsiku lililonse, choncho msonkho wa pamafuta ukuchoka m'thumba mwawo. A ku Chikanda akusunganso ophunzira ambiri a ku yunivesite omwe malo ogona anawasowa pasukulu. Malandilodi omwe amanga mahositelo kumeneko alowetsedwe m'kaundula wa msonkho, inde, koma ndalamazo zikaonekere komweko.

Bajeti ya khonsolo isanavomerezedwe, tipite kwa makhansala athu ndi mafunso awa: pa ndalama za misewu za chaka chino, ndi zingati zapita ku ngalande za m'madera okhala anthu ochuluka, ndipo ndi nthambi ziti za boma zomwe zili ndi ngongole ya city rates? Mayankho ake awamate pabolodi pamsika waukulu kuti aliyense awerenge.