Kodi Rockefeller anagonjadi?

Mwalemba kuti boma la America linapambana pomwe khoti lalikulu linagawa Standard Oil, kampani ya mafuta ya John D. Rockefeller, mu 1911. Pamenepo sindikugwirizana nanu, a mlembi. Lamulo la Sherman loletsa kuphangira malonda linabwera mu 1890, kampaniyi itameza kale pafupifupi ntchito yonse yoyenga mafuta m'dzikomo. Makampani a njanji ankaichotsera mtengo mobisa pomwe amalonda ang'onoang'ono ankalipira wonse mpaka kugwa. Amenewo ndi omwe amandimvetsa chisoni, chifukwa chigamulo chinawapeza atagulitsa kale zawo.

Khoti litaigawa kukhala makampani 34, Rockefeller anakhalabe ndi masheya m'makampani onsewo, ndipo chuma chake chinangokulirakulira. Mu 1999 awiri mwa iwo, Exxon ndi Mobil, anaphatikizananso boma likuvomereza.