Wofera mwana wa mnzake si chitsiru

Dzulo ndinatsika minibasi pa Katoto mtima ukuwira. M'galimotomo timakamba za mnyamata wa kabaza wa kwathu kuno amene anadziponya mu Lunyangwa madzi atadzaza kuti avuule mwana wa sukulu. Mwanayo anamukankhira kumtunda, iye madzi n'kumutenga. Ndiye bambo wina wovala tayi bwinobwino, atakhala kutsogolo, akuti: "Anadzifunira yekha ameneyo. Mwana wake? Ayi. Nanga amalowereranji?" Ena mpaka kuseka.

Bambo inu, ngati mukuwerenga pano, mundimve. Munthu amene wataya moyo wake kuti mwana wa mnzake akhale ndi moyo si chitsiru. Sanaledzere, sanapenge, sanadzifunire imfa. Anaona kamutu ka mwana kakumira ndi kutumphuka, ndipo anachita zimene ife tonse ovala bwino tikanaima n'kumangokuwa. Pakamwa panu pakulephera kunena kuti zikomo, bola mungotseka.

Ine ku maliro ake ndinapita. Njinga yake anaitsamiritsa pakhoma, kampando ka siponji kakumbuyo kali kong'ambika, mphira womangira katundu ukadali pomwepo. Mkazi wake anali m'nyumba ndi khanda pamiyendo, misozi itatha. Mbale ya chipepeso inazungulira, munagwa ma K200 ndi ma K500 owerengeka. Mayi a mwana wopulumuka uja anagwada pakhomo osatha kuyankhula. Koma akuluakulu aja amene pa kampeni amadzaza masiwa ndi magalimoto, palibe ndi mmodzi yemwe anaponda. Munthu wafera mwana wa eni, ife tamuika ngati wafa ndi mowa.

Khalidwe limeneli latilowerera. Ndi angati pano pa Mzuzu amene akudziwa dzina la Chancy Chitete? Msilikali wathu, Private wa Malawi Defence Force, anali ku DRC pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations. Mu November 2018, kufupi ndi Beni, zigawenga za ADF zikuwomba, anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala ali pambalambanda. Anamukokera pobisala, ndipo akumuthandiza chomwecho chipolopolo chinamupeza. Omary anachira, Chitete anabwera m'bokosi. Mu May 2019 ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations (UN), António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri umene UN imapereka kwa wosungitsa mtendere wolimba mtima. Anthu akunja anaimirira kumulemekeza. Ife kuno, ndi Moyale Barracks ili pakhomo pompano, funsani ana a sukulu khumi, mumve ngati mmodzi amutchule. Kodi nayenso mukanati anadzifunira yekha chifukwa Omary sanali m'bale wake?

Mwina ndi umphawi watiumitsa mitima, kaya. Koma akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Inu a tayi, ana anu saoloka mitsinje popita kusukulu? Tsiku limenelo mudzafuna ndani pamphepete, wolowa m'madzi kapena woseka ngati inu?

Sindikupempha chipilala cha mamiliyoni ayi. Tchulani dzina la munthuyo mwaulemu, kazondeni mkazi wamasiye maliro akatha, khandalo likadzakula mudzaliuze kuti bambo ake anali mwamuna weniweni. Zimenezi sizifuna bajeti.

Ndipo inu amene munaima pamlatho tsiku lija mafoni m'mwamba, kujambula munthu akulimbana ndi madzi kuti mukhale oyamba kuponya pa WhatsApp, chingwe chinakusowani? Ngakhale nsungwi? Mkazi wake anayamba kuona vidiyo asanauzidwe ndi munthu kuti mwamuna wake wapita. Manyazi mulibe.