Sensa imayeza pamene mwaiika

Abale anga a ku Joni kuno, mundipirire, lero ndapsa mtima.

Mayi wina wa kwathu, wokhala ku Diepsloot, anapereka ndalama zake za maganyu kwa mnyamata wina amene amati amadziwa za makompyuta, kuti awapangire makina ofungatira mazira. Masiku 21 anakwana, ngakhale kamwanapiye kamodzi kogogoda chigoba, ayi ndithu. Atandiitana, ndinapeza Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono koyendetsa makinawo, ali m'bokosi momwemo, sensa ya DHT11 yoyeza kutentha ndi chinyezi itamatidwa ndi selotepu pamwamba penipeni pa Pi. Mazira ali pansi uko. Pa sikirini pakuoneka madigiri 37.5, kutentha kumene mazira amafuna, zokongola kwabasi. Themomita wamba nditaiika pakati pa mazirawo, sinafike ndi pa 35 pomwe.

Achimwene, sensa imayeza pamene mwaiika! Siidziwa kuti mukufuna kudziwa za mazira. Mukaigoneka pa Pi, ikuuzani kutentha kwa Pi, basi. Ndipo Pi amatentha, chip chake chimapitirira madigiri 50 osavuta, kachikhudzeni ndi chala mumve. Ndiye babu yotenthetsa mazira inkazima msanga poganiza kuti mwafunda, pamene mazira akuzizidwa mu July wa Johannesburg, usiku woti madzi amatha kuundana panja. Nambala ija sinaname. Inanena zoona za malo olakwika. Mayi aja ankaiyang'ana m'mawa uliwonse n'kumathokoza Mulungu, osadziwa kuti akuwerenga thupi la kompyuta.

Chinyezi nachonso chimodzimodzi. Mazira amafuna chinyezi choposa 50 peresenti, ndipo masiku atatu omaliza chikwere kufika cha m'ma 65. Mpweya wa kuno nyengo yozizira ndi wouma gwa, milomo mpaka kusweka. Ndiye inu muziyeza chinyezi pa kachitsulo kotentha, kutali ndi mbale ya madzi, kutali ndi mazira? Mukuyeza chiyani kodi? Waya wautali pang'ono, Pi panja pa bokosi, sensa pamlingo wa mazira. Zimenezi zikufuna digiri ya ku yunivesite?

Mwina mnyamata uja anathamanga, mwina anangokopera zomwe anaona pa YouTube, zake zimenezo. Safunsa anadya phula. Koma apa phula lake adya ndi mayi osalakwa.

Ndiponso DHT11 pa mazira, zoona? Kasensa kameneka kamatha kuphonya ndi madigiri awiri athunthu, opanga ake analemba okha. Sensa ina ya DHT22 imaphonya ndi theka la digiri, ndipo kusiyana kwa mtengo wake sikungafike pa thireyi ya mazira imene yaola. Nditamufunsa mnyamatayo pa foni, akuti vuto ndi kuzimazima kwa magetsi. Magetsi ndi amene anamata selotepu? Panopa foni yake sikupezekanso.